ZA M'BANJA: Nkhokwe ya Tsiku la Matenda

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za ana anu amene akula, anyamata ndi asungwana a zaka 18 kufikira 30, amene ayamba kudziimira okha. Ena ali pamudzi pompano, alima ndime yao. Ena apalasa kabaza pamsika. Ena alowa nchito m'tauni, ndipo ena atsikira ku Joni. Onsewa afanana pa chinthu chimodzi: aganizira za mbeu, za malata a nyumba, za foni ndi za ukwati, koma za tsiku la matenda saganizira konse. Miyendo yao iri yolimba, ndipo ayesa kuti chipatala ncha makanda ndi nkhalamba. Koma akuru anati tsoka silinunkha.

Tonse tidziwa umo ziyendera m'midzi mwathu. Mnyamata agwa ndi njinga yamoto usiku, nathyoka pfupa la mwendo. Kapena msungwana wongokwatiwa kumene abvutika pa uchembere wake woyamba, nafunika kumtengera kutali. Pamenepo pakhomo palibe ngakhale ndarama ya galimoto. Mbuzi imene anaisungira feteleza igulitsidwa m'mamawa kwa woyamba kufika, pa mtengo umene iye afuna. Chimanga chigulitsidwa chikali chachiwisi m'munda. Amai athamangira kwa wa katapila. Wodwala achira, inde, koma banja latsala lopunduka, pakuti matenda a masabata awiri abala ngongole ya zaka ziwiri. Ndipo choopsa choposa ndi ichi: ena, poopa zonsezi, angogona m'nyumba ndi kumwa timankhwala ta pa okala, nafika kwa dotolo nthawi itapita kale.

Tsono funso lathu ndi ili: kodi wachinyamata wa ndarama zochepa angapeze kuti inshuwalansi ya za umoyo imene akhoza kuilipira osagona ndi njala?

Kodi inshuwalansi nchiyani?

Mauwa ngachilendo, koma nzeru yake si yachilendo iai. Pakagwa maliro mudzi wonse usonkha: uyu mbale ya ufa, uyu mtolo wa nkhuni, uyu kandarama ka nsalu, ndipo katundu amene akadathyola banja limodzi apepuka pogawana. Inshuwalansi ndiyo kusonkha komweko, koma anthu asonkha tsoka lisanagwe. Ambiri aponya pang'ono pang'ono m'thumba limodzi mwezi ndi mwezi. Mwa iwo odwala pa nthawi imodzi ndi ochepa, ndipo thumba lilipirira ochepawo. Iye amene sanadwale chaka chonse sanataye ndarama yake: wagona tulo tabwino, nathandiza mnzake amene mawa adzathandiza iye. Kupatsa nkuika.

Njira imeneyi inakulira pakati pa anchito wamba, si pakati pa olemera. Ku Tredegar, mudzi wa migodi ya malasha m'dziko la Wales, anchito anali kudulitsa kandarama pa malipiro ao kuti alembe madotolo a iwo eni ndi mabanja ao. Mwana wa mudzi womwewo, Aneurin Bevan, ndiye anatsegula zipatala zaulere za dziko lonse la Britain m'chaka cha 1948. Ku Germany nako, m'chaka cha 1883, m'masiku a Bismarck, anaika lamulo lakuti anchito ndi owalemba asonkhe pamodzi m'thumba la matenda.

Kwathu kuno thumba lotere la dziko lonse silinakhazikitsidwe, ndipo okhala ndi inshuwalansi ndi owerengeka. Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa anthu 100 ali onse, okhala nayo anali mmodzi kapena awiri okha. Chotero wachinyamata ayenera kudzifunira yekha njira. Ife tiona njira zinai, ndipo nkoyenera kuzitsata mwa dongosolo lake, kuyambira yosalira ndarama.

Choyamba: dziwani chimene chiri chanu kale

Munthu sagula khasu asanayang'ane m'nkhokwe ngati mulibe lina. M'zipatala za Boma, kuyambira kachipatala ka kumudzi kufikira zipatala zazikuru za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, wodwala wamba salipira kuonana ndi dotolo, kugonekedwa, ngakhale kuchitidwa opaleshoni. Imeneyi ndi inshuwalansi yanu yoyamba, ndipo munailipira kale pa msonkho umene uli pa katundu wa m'sitolo. Sungani bwino buku lanu la kuchipatala, ndipo pomka ku chipatala chachikuru tengani kalata ya ku chaching'ono.

Zipatala za mishoni, monga Likuni, Mua, Namitete, Nguludi, Mlambe, Phalombe ndi Muona, ziri m'bungwe la CHAM, limene lisamala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nchito ya chipatala m'dziko muno. Kumeneko wodwala alipira, pakuti ngakhale Boma lipereka malipiro a anchito ambiri, mankhwala, magetsi ndi mafuta a ambulansi zifuna ndarama. Koma dziwani ichi: kuyambira chaka cha 2006 Boma lapangana ndi zambiri mwa zipatala zimenezi kuti amai oyembekezera ndi makanda athandizidwe kwaulere, Boma nkubweza ndaramazo. Panganoli siliri pa chipatala chiri chonse. Banja latsopano lifunse lero ku ofesi ya chipatala chao, lisadikire tsiku la matenda a uchembere. Mankhwala a ma ARV, a chifuwa chachikuru ndi katemera wa ana nazonso nzaulere.

Nanga ngati zonsezi nzaulere, ndarama ithera kuti? Ithera pa mipata isanu: ulendo wa galimoto, makamaka usiku; chakudya cha wodwala ndi wodwazika; mankhwala ogula ku famase pamene ku chipatala atha; malipiro a ku mishoni pamene cha Boma chiri kutali; ndi masiku amene wodwala sagwira nchito. Inshuwalansi yotsika mtengo ndiyo imene itseka mipata imeneyi. Musalipire kawiri chimene muli nacho kale.

Chachiwiri: wolembedwa nchito afunse

Safunsa anadya phula. Mnyamata polowa nchito afunsa za malipiro okha, nachita manyazi kufunsa zina. Koma makampani ena, masukulu ndi mabungwe alembetsa anchito ao ku inshuwalansi, nalipira gawo la chopereka cha mwezi kapena chonse. Palibe inshuwalansi yotsika mtengo yoposa imene wina akuthandizani kuilipira. Nchito ya malipiro ocheperako pang'ono yokhala ndi kadi la kuchipatala nthawi zina iposa ya malipiro ochuluka yopanda kanthu.

Ngakhale pamene palibe kadi, lamulo likutchinjirizani pa zinthu ziwiri. Lamulo la za nchito la chaka cha 2000 liti munthu amene wagwira nchito miyezi 12 yosalekeza, akadwala ndi kuonetsa kalata ya dotolo, apumule masabata 4 pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chiri chonse. Ndipo lamulo lina la chaka chomwecho liti wobvulala pa nchito alandire chipepeso kwa womlemba. Anyamata a njinga zamoto akumbukirenso kuti inshuwalansi ya pamseu, imene lamulo liwakakamiza kugula, ilipirira anthu ena amene iwo awapweteka. Mwendo wa woyendetsa mwini wake siiulipirira.

Ndipo inu ochepa amene makolo anu ali ndi kadi la kunchito, musayese kuti mudzakhalapo kufikira imvi. Kadi liri lonse liri ndi msinkhu umene mwana achotsedwapo, ndipo ena awonjezera nthawi kwa iye yekha amene akali pasukulu. Funsani chaka chake, kuti tsikulo lisakupezeni muli pa mzere wa kuchipatala.

Chachitatu: thumba la pamudzi

Ambiri a inu simunalembedwe nchito, ndipo njira yanu ndi iyi. Mutu umodzi susenza denga. Muli kale ndi magulu odziwana ndi okhulupirirana: banki m'khonde, mphakati, gulu la achinyamata, kalabu ya alimi, siteji ya a kabaza. Mabanki m'khonde ambiri ali ndi kathumba ka zogwa mwadzidzidzi pambali pa thumba la ngongole. Kathumba kameneko ndiko mbeu ya inshuwalansi. Kangofuna kukuzidwa ndi kuikiridwa malamulo. Ku Kaundu, m'boma la Dedza, anthu ozungulira chipatala cha mpingo anayamba thumba lotere.

Tiyerekeze tere. Achinyamata 30 agwirizana kusonkha K2,000 ali yense pa mwezi. Pa mwezi thumba lilandira K60,000, pa chaka K720,000. Chakacho akadwala kolimba anthu 8, ndipo ali yense nkufuna K60,000 ya ulendo, mankhwala ndi chakudya, thumba litulutsa K480,000, nkutsala K240,000 ya chaka chamawa. Munthu mmodzi wosunga yekha K2,000 pa mwezi akadakhala ndi K24,000 yokha pakutha pa chaka, yosakwanira ngakhale theka la bvuto lake. Manambalawa ngofanizira chabe; inu muike anu monga mwa mitengo ya kwanu.

Koma thumba lopanda malamulo lipasula chibale. Tikupemphani musunge awa:

1. Alowe onse, athanzi ndi ofooka omwe. Thumba limene alowamo odwala okha liuma mwezi woyamba.

2. Wolowa kumene adikire miyezi iwiri kapena itatu asanayambe kulandira, kuti wina asabwere atamva kale kuwawa.

3. Mulembe poyera zimene thumba lilipira ndi malire a munthu mmodzi pa chaka. Maliro ndi ukwati zikhale ndi thumba lao.

4. Ndarama ya matenda isakongozedwe, ngakhale kwa mfumu, ngakhale pa chiwongola dzanja chokoma.

5. Bokosi likhale la maloko atatu ndi osunga makiyi atatu, monga muchitira ku banki m'khonde. Kapena ndarama ikhale ku banki kapena pa foni, yosatuluka popanda anthu awiri. Chotuluka chiri chonse chikhale ndi lisiti, ndipo buku liwerengedwe pamaso pa onse mwezi ndi mwezi.

6. Alimi asonkhe za chaka chonse pa nthawi yokolola. Ili ndi lamulo lalikuru. Malungo akula m'nyengo ya mvula, m'Januwale ndi m'Febuluwale, ndiyo miyezi yomweyo imene nkhokwe iri yopanda kanthu ndi thumba liri lobooka. Wosonkha m'Juni, atagulitsa soya kapena mtedza, wadzigulira mankhwala a m'Febuluwale.

7. Chopereka chionedwenso chaka ndi chaka. Mankhwala ambiri achokera kunja, ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 m'Novembala 2023, mitengo yao inakwera. Chopereka cha dzana sichigula mankhwala a lero.

Thumba la pamudzi silingalipire opaleshoni yaikuru ku chipatala cholipira, ndipo musaliyese lotero. Nchito yake ndiyo kufikitsa wodwala msanga kumene kuli chithandizo, ndi kusunga mbuzi m'khola. Kufika msanga ndiko moyo. Mliri wa kolera wa zaka za 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, pamene kolera ndi nthenda yochizika ngati wodwala alandira madzi m'thupi pa maora oyamba.

Chachinai: kadi la kampani

Amene ali ndi malipiro okhazikika, kapena bizinesi yoyenda mwezi ndi mwezi, akhoza kudzigulira yekha kadi. Bungwe lodziwika koposa kwathu ndi MASM, limene liri ndi magawo a mitengo yosiyana, monga Econoplan, Executive ndi VIP. Alipo enanso ogulitsa zofanana. Wachinyamata ayambe ndi gawo lapansi. Asachite nalo manyazi, pakuti kadi laling'ono lolipiridwa mwezi uli wonse liposa lalikuru lolekedwa panjira. Muyeso wake ndi uwu: kodi chopereka chimenechi ndidzachilipira ngakhale m'mwezi woipitsitsa wa chaka? Ngati iai, nchokwera kwa inu, ngakhale wogulitsa achitche chotsika mtengo.

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musanasaine, mufunse mafunso awa, ndipo mayankho muwaone olembedwa papepala:

Kodi kadi ili alilandira pa zipatala ziti za kufupi ndi kwathu? Kadi lolandiridwa ku Blantyre kokha lilibe phindu kwa wokhala ku Ntakataka.

Kodi ndidikira miyezi ingati ndisanayambe kuthandizidwa, makamaka pa uchembere, mano, maso ndi opaleshoni? Za uchembere kawirikawiri zidikiritsa nthawi yaitali, chotero banja lilembetse pa ukwati, lisadikire pathupi.

Kodi mulipira zonse, kapena pali gawo lotsala lolipira ine ndekha, limene a m'tauni alitcha shortfall?

Kodi malire a chaka ndi ndarama zingati, ndipo ndi matenda ati amene simulipira konse?

Kodi ndikalephera mwezi umodzi kapena iwiri chichitika nchiyani? Kodi ndiyambiranso kudikira?

Pa matenda amene muli nao kale munene zoona zokhazokha. Wobisa mphumu kapena shuga alipira zaka zambiri, ndipo tsiku lofuna thandizo akanidwa chifukwa cha bodza lake. Apa mpamene paoneka ubwino wa kulowa mukali athanzi: palibe chobisa, ndipo miyezi yodikira itha musanafune kanthu. Mmera mpoyamba.

Chenjeraninso ndi zinthu ziwiri. Inshuwalansi ya maliro si ya matenda: igula bokosi, siigula mankhwala. Ndipo musapereke ndarama kwa munthu wongoyenda ndi chikwama kapena woimba foni. Makampani a inshuwalansi ayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Woona ali ndi ofesi, chiphaso ndi lisiti.

Kwa ana athu a kunja

Abale athu a ku Chipata, Katete ndi madera ena a Zambia ali ndi thumba la dziko lonse, la NHIMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2018 ndi kuyamba nchito mu 2019. Wolembedwa nchito apereka 1 pa 100 ya malipiro ake, womlemba naperekanso 1 pa 100, ndipo odzigwirira nchito okha nao akhoza kulembetsa. Wokhala kumeneko asanyozere mwai umenewu.

Ku South Africa lamulo la 1998 lilola mabungwe a inshuwalansi ya chipatala kudikiritsa wolowa kumene miyezi 3, ndi kufikira miyezi 12 pa nthenda imene anabwera nayo. Ndipo wochedwa kulowa kufikira zaka 35 kapena kuposa akhoza kulipiritsidwa koposa anzake. Anyamata athu a kumeneko adziwa kusonkherana kuti mtembo wa mnzao ubwerere kwao, ndipo achita bwino. Tiwapempha asonkherenso wamoyo.

Mau kwa makolo ndi ankhoswe

Inu akuru, pamene mulangiza ana anu olowa m'banja, muwauza za ulemu, za kupirirana ndi za kusunga chuma. Onjezerani mau awa: nyumba yatsopano ifuna nkhokwe ziwiri, ya chimanga ndi ya tsiku la matenda. Pa mphatso za ukwati patulanipo kandarama kolembetsera mwana wanu m'thumba la pamudzi chaka choyamba. Ndipo pamene mwana wa m'tauni atumiza ndarama kumudzi, musaidye yonse. Musamletsenso kudzisungira yake, pakuti akagwa iye, mugwa nonse.

Ndi inu achinyamata, mwezi uno usathe musanachite zinthu zitatu. Mukafunse ku chipatala cha kufupi zimene ziri zaulere ndi zimene ziri zolipira, ndi mitengo yake. Muwerenge mtengo wa galimoto ya usiku kuchokera pakhomo panu kufikira ku chipatala cha Boma cha m'dera lanu. Ndipo pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, mmodzi aimirire, nayambe nkhani ya thumba. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Denga tifolera m'chilimwe, dzuwa likali kuwala.